Sikelo ya pa Namwera

Sikelo yanga imalendewera pa mtengo wa mango
pamsika wa Namwera, moyang'anana ndi chigayo.
Ndinaiphunzitsa ndekha chinenero chake:
pa makilo khumi alionse a nandolo
imodzi inkasowera m'mimba mwa sipuling'i
ngati madzi otayikira pamchenga.

Lamlungu ndimavala jekete,
ndine woyendetsa mbale ya chopereka.
Ikakwana nthawi yovomereza machimo
mawu anga ndiwo ankamveka mpaka kuseri kwa tchalitchi,
oloweza, osalala ngati mwala wochapira.
Zaka zisanu ndi ziwiri ndinkalapa chotero,
kulapa kwa m'gulu, kopanda dzina, kopanda kilo,
Lolemba n'kukoleka ngowe pa nthambi yomweyo.

Wondigwira sanali wa boma ayi.
Ndi Rute, mwana wanga wa zaka zinayi.
M'mawa amake anapita naye kusikelo ya ana,
anesi n'kulemba pakhadi: khumi ndi asanu.
Pobwerera anadzera pamalonda panga
mwana n'kulirira kuti akwerenso ya bambo ake.
Tinamukoleka m'chitenje, miyendo ikupalasa mphepo.
Muvi unanjenjemera, n'kuima
pa khumi ndi atatu ndi theka.
"Ababa, ndaonda panjira pomwepa?"
Esinati sanatsegule pakamwa.
Anayang'ana khadi, anayang'ana ine,
n'kubereka mwana wake.

Usiku ndinagwada. Mawu oloweza aja
anatuluka opepuka ngati mankhusu.
Mulungu sanabangule.
Anangoyamba kuitana maina, limodzilimodzi:
Abiti Mkwanda a ku Katuli, matumba atatu chaka chilichonse;
Che Ndembo, a njinga yopanda mabuleki;
mnyamata uja ankasonkha fizi ya folomu thuu
amene ndinamuuza kuti nandolo wake ngwofumbwa.
Tambala analira mndandanda usanathe.

Pa Mgonero chikho chinafika pamzere wathu,
ndinapinda manja, chinandidutsa.
Anzanga ananong'onezana kuti kaya ndi nkhani ya mkazi.
Zikanakhala bwino, mwina; imeneyo mpingo umaidziwa poigwira.

Lachiwiri ndinamanga thumba panjinga, ulendo wa ku Katuli.
Chitunda chilichonse chinkandifunsa:
kodi sukanangoponya m'mbale ya chopereka?
Abiti Mkwanda ndinawapeza akupinda mkeka wa swala.
Ndinafotokoza, lilime likupunthwa.
Iwo anati, "Ndinkadziwa.
Msana wangawu umayesa thumba kuposa chitsulo chanucho.
Koma wogula wina anali kuti?"
Anatenga beseni lao, n'kuyesa okha, kawiri.
Mawu oti ndakukhululukirani sanatuluke.
Anandipatsa madzi akumwa m'kapu yosweka mlomo,
ndipo ndinamwa ngati chikho chija chabwerera.

Che Ndembo ndinapeza anaikidwa chaka chatha.
Mwana wao anandiponyera ndalama kumaso,
ine n'kutola, n'kusiya pakhonde, pansi pa mwala.
Mnyamata wa fizi akuti ali ku Joni.
Ngongole yake ndiipereka kwa yani, Ambuye?
Pamenepo ndi pomwe ndinalirira koyamba,
pozindikira kuti zina sindidzabweza,
kuti pali kilo imene Inu nokha mudzasenze.

Sipuling'i ndinagula yatsopano ku Boma.
Phindu laonda, jekete lija likutuwa,
anzanga ogula mbewu samandipatsa moni
poti alimi ayamba kufunsa mafunso.
M'kope la masamu la chikuto chobiriwira
mwatsala maina khumi ndi limodzi osadulidwa.

Lamlungu pano mawu anga samveka patali.
Ikafika mphindi ija ya kachetechete
ndimatchula dzina limodzi, ndi makilo ake,
n'kudikira.
Ndipo mwezi uliwonse, pochokera kusikelo ya ana,
Rute amadzera pamtengo wa mango.
Ndimamukoleka m'chitenje, Esinati atagwira khadi,
tonse atatu maso pa muvi
mpaka utasiya kunjenjemera.